Makapisozi "otsegula mutu": kodi amathandizadi munthu akatopa?

Masiku ano m'masitolo ogulitsa mankhwala m'tauni, ngakhalenso m'katundu amene abale athu amatumiza kuchokera ku Johannesburg, mukumapezeka timabotolo ta makapisozi amene akuti ndi ma amino asidi. Ogulitsa amati makapisoziwa amatsegula mutu, amathamangitsa tulo, ndiponso amathandiza munthu kukumbukira zimene wawerenga. Amene akukopeka nawo kwambiri ndi makolo a ana okonzekera mayeso a Fomu 4, madalaivala oyenda usiku wonse pa msewu wa ku Beira, alonda, ndi ena otero amene ntchito yawo imafuna maso ali gwa pamene thupi likufuna mphasa. Mtengo wake si wamasewera ayi. Botolo limodzi likhoza kudya ndalama ya ndiwo ya masiku angapo.

Makolo ena amabwera kudzatifunsa ife aphunzitsi ngati n'koyenera kumugulira mwana. Ife si madokotala, koma nkhaniyi idafufuzidwa kwa zaka zoposa makumi atatu ndipo zotsatira zake zidalembedwa poyera. Zimene zidapezeka n'zakuti mmodzi mwa ma amino asidi amenewa amathandizadi, koma kwa maola owerengeka, kwa munthu amene ali pa vuto la mtundu winawake, ndiponso pa mlingo waukulu kuposa umene umalembedwa pa timabotolo tambiri. Tiyeni tiyende nayo pang'onopang'ono, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kodi ma amino asidi n'chiyani?

Tonse tidamva za zakudya zomanga thupi, monga nyemba, nsomba, mazira, mtedza, nyama ndi mkaka. Chimene chimamanga thupi m'zakudya zimenezi ndi mapuloteni, ndipo mapuloteniwo adapangidwa ndi tizidutswa ting'onoting'ono tolumikizana ngati mikanda pa ulusi. Tizidutswa timeneti ndi timene timatchedwa ma amino asidi. Amene amamanga mapuloteni a thupi lathu alipo a mitundu 20. Monga momwe zilembo 28 za Chiarabu zimalembera mawu osawerengeka, mitundu 20 imeneyi imapanga minofu, khungu, tsitsi, magazi ndi zina zambiri, malinga ndi m'mene yasanjidwira. Mwa mitundu imeneyi, 9 thupi silingathe kudzipangira lokha, chotero imayenera kuchokera m'chakudya basi.

Amene adatchuka pa nkhani ya ubongo ndi wotchedwa tyrosine. Adamutulukira ndi katswiri wa ku Germany, Justus von Liebig, m'chaka cha 1846, ndipo adamupeza m'tchizi, n'chifukwa chake dzina lakelo lidachokera ku liwu la Chigiriki lotanthauza tchizi. Tyrosine amapezeka m'zakudya zonse zomanga thupi, komanso chiwindi chathu chimamupanga kuchokera kwa amino asidi wina wotchedwa phenylalanine. Akafika mu ubongo amasandulika timadzi tiwiri, dopamine ndi noradrenaline, timene minyewa ya mu ubongo imagwiritsa ntchito potumizirana mauthenga. Timadzi timeneti ndi timene timamukhazika munthu tcheru, kumuthandiza kusunga zinthu zingapo m'mutu nthawi imodzi ndi kuganiza msanga pakagwa zadzidzidzi.

Tsono wina akhoza kunena kuti, basi, tizingomwa tyrosine wambiri kuti timadzito tichuluke. Apa ndi pamene pali pogona nkhani. Taganizirani chigayo. Ngati chigayo chikuyenda pa liwiro lake la masiku onse ndipo chimanga chilipo chokwanira, kuunjika matumba ena pakhomo sikuchulukitsa ufa wotuluka. Matumba owonjezerawo amakhala ndi phindu pokhapokha chigayo chikamathamanga kwambiri ndipo chimanga chili pafupi kutha. Ubongo nawo ndi chimodzimodzi. Munthu akakhala pa mtendere, ubongo umapanga dopamine ndi noradrenaline wongokwanira, ndipo uli ndi njira yake yodziletsa kuti usapyole muyeso. Koma akazizidwa koopsa, akasowa tulo, kapena akakhala pa mantha aakulu, minyewa ija imagwira ntchito mothamanga n'kumawononga timadzito msanga kuposa m'mene tikupangidwira. Maganizo amenewa adachokera m'kafukufuku wa Richard Wurtman ndi anzake pa sukulu ya ukachenjede ya MIT ku America kuyambira m'zaka za m'ma 1970, ndipo amene adawatola mwachangu ndi akuluakulu a asilikali, pakuti kwa iwo msilikali woiwala malangizo ali m'chisanu ndi nkhani ya moyo ndi imfa.

Zimene asilikali adapeza

M'chaka cha 1989 akatswiri awiri a ku malo ofufuzira a asilikali a dziko la America ku Natick, Louis Banderet ndi Harris Lieberman, adafalitsa zotsatira za kafukufuku wawo. Adalowetsa asilikali achinyamata m'chipinda chozizira chimene mpweya wake udachepetsedwa kuti ufanane ndi wa pamwamba pa phiri lotalika mamita oposa 4,000. Kuti timvetse bwino, nsonga ya Sapitwa pa phiri la Mulanje ndi mamita 3,002 okha. Anyamatawo ankakhala m'menemo maola anayi ndi theka akuyesedwa ndi masamu, mapu ndi ntchito zina zofuna kuganiza. Tsiku lina ankapatsidwa tyrosine, mamiligalamu 100 pa kilogalamu iliyonse ya kulemera kwawo, tsiku lina ankapatsidwa mankhwala onamizira, ndipo iwo sankadziwa kuti alandira ziti. Tyrosine adachepetsadi kupweteka kwa mutu, kutopa ndi kusokonezeka maganizo, koma phinduli lidaoneka mwa anyamata amene chisanu ndi kuchepa kwa mpweya kudawazunza kwambiri.

Kafukufuku wina wa mu 1994, wa asilikali a pamadzi a dziko lomwelo, ndiye amene amatiunikira bwino koposa. Amuna asanu ndi atatu adayesedwa luso lokumbukira chithunzi chimene angochiona kumene, nthawi zina m'chipinda cha madigiri 4, nthawi zina m'chipinda cha madigiri 22. M'chisanu muja kukumbukira kwawo kudatsika, ndipo tyrosine adakubwezera m'malo mwake. M'chipinda chofunda bwino tyrosine sadasinthe kanthu. Anthu ake omwewo, mlingo womwewo, koma phindu lidangooneka pamene chisanu chidawalanda kanthu. Pamene sadalandidwe kanthu padalibenso chowabwezera.

Nanga za tulo? Mu 1995 David Neri ndi anzake ku Pensacola adagwiritsa anthu ntchito usiku wonse, kuyambira madzulo mpaka kutacha, atakhalanso maso tsiku lonse lapitalo. Pakati pa usiku theka la iwo lidalandira tyrosine, mamiligalamu 150 pa kilogalamu, ndipo theka lina lidalandira sitachi wa chimanga. Olandira tyrosine adalakwitsa mocheperako pa ntchito zofuna kukhala tcheru, koma phindulo lidakhala pafupifupi maola atatu. Pambuyo pake tulo tidawapeza monga anzawo.

Ku Netherlands nakonso, mu 1999, ophunzira usilikali 21 adayesedwa ali pakati pa maphunziro a nkhondo otenga sabata. Khumi ankamwa chakumwa cha mapuloteni chokhala ndi magalamu 2 a tyrosine, enawo ankamwa chakumwa chopatsa mphamvu chabe. Pa tsiku lachisanu ndi chimodzi gulu loyamba lidachita bwino pa kukumbukira, ndipo kuthamanga kwa magazi awo kudali kotsikirapo. Komabe taonani: chakumwacho chidali ndi mapuloteni ena, kotero n'kovuta kunena kuti ntchito yonse adagwira ndi tyrosine yekha.

Sitikufuna kupeputsa ntchito ya akatswiriwa, pakuti idachitika mosamala. Koma aliyense akhoza kuona kuti anthu oyesedwawo adali ochepa, ambiri mwa iwo amuna achinyamata athanzi, odya bwino, oyang'aniridwa ndi madokotala. Sadali ana a sukulu, ndipo sadamwe makapisozi kwa miyezi. Mu 2015 akatswiri a ku yunivesite ya Leiden adasonkhanitsa kafukufuku wambiri wa mtunduwu n'kumuunika pamodzi, ndipo adatsimikiza mfundo ya chigayo ija, yakuti tyrosine amathandiza pa vuto la kanthawi, pamene dopamine ndi noradrenaline zatsika mwadzidzidzi mwa munthu amene ubongo wake uli bwinobwino. Bungwe loona za chitetezo cha zakudya ku Ulaya, EFSA, lidaunikanso nkhaniyi mu 2011. Lidavomereza kuti thupi limagwiritsa ntchito tyrosine popanga timadzi tija, koma silidapeze umboni wokwanira wakuti kumumwa kumawonjezera chidwi cha munthu.

Tiwerengere limodzi

Apa tikupemphani mutenge pensulo. Wachinyamata wolemera makilogalamu 60, pa mlingo wa mamiligalamu 150 pa kilogalamu, ayenera kumwa mamiligalamu 9,000, amene ndi magalamu 9. Makapisozi ambiri a tyrosine a m'masitolo amakhala ndi mamiligalamu 500 iliyonse. Ndiye kuti mwanayo ayenera kumeza makapisozi 18 kuti afanane ndi anthu a ku Pensacola aja, zonsezo kuti apeze maola atatu. Kapisozi imodzi kapena ziwiri pa tsiku, monga amalembera pa botolo, n'zochepa kwambiri poyerekeza ndi zimene zidayesedwa, ndipo zimangofanana ndi tyrosine amene munthu wodya ndiwo zabwino amamupeza kale m'mbale.

Wina asamve ngati tikuti azimeza 18. Mlingo waukulu umabweretsa nseru, mutu ndi kutentha pamtima, ndiponso kuchulukitsa sikuti nthawi zonse kumathandiza. Kafukufuku wa mu 2017 ku Netherlands, wa anthu achikulire a zaka zoyambira 60, adaonetsa kuti mlingo ukamakwera kukumbukira kwawo kumatsika. Chotero kumugulira agogo botolo lotere kuti asamaiwale kukhoza kukhala kuwalakwira.

Palinso chinthu china chimene kapisozi siingachite. Ntchito ya tulo si kupumitsa thupi kokha. Munthu akagona, ubongo umasanja ndi kukhazikitsa zimene waphunzira masana. Ife amene timaphunzitsa ana kuloweza timaziona chaka ndi chaka: ndime imene mwana ankapunthwa nayo madzulo imatuluka yosalala m'mawa ngati wagona bwino, pamene wochezera usiku amafika nayo yosakanikirana. Mankhwala ochititsa munthu kukhala tcheru akhoza kumuthandiza kuwerenga tsamba lina, koma sagwira ntchito yosanja ija. Kwa dalaivala nkhani ndi yoopsa kuposa apa, pakuti kudzimva kuti uli maso ndi kukhaladi maso ndi zinthu ziwiri, ndipo tulo ta masekondi atatu okha pa liwiro la makilomita 80 pa ola n'tokwanira kuti galimoto iyende mamita oposa 60 popanda woiwongolera.

Za amino asidi wina wogulitsidwa kwambiri, theanine, tingonenapo pang'ono. Adapezeka ku Japan mu 1949 m'masamba a tiyi, ndipo alimo m'tiyi wathu yemweyu wa ku Thyolo ndi ku Mulanje. Kafukufuku wina adaonetsa kuti akaphatikizidwa ndi caffeine amathandiza pang'ono kuika maganizo pa chinthu chimodzi, koma gawo lalikulu la ntchitoyo limaoneka kuti ndi la caffeine, ndipo EFSA mu 2011 sidavomereze zonena za ogulitsa. Kapu ya tiyi ili nazo zonse ziwiri, ngakhale theanine wake ndi wochepa.

Phunziro lowawa la 1989

Anthu ambiri amaganiza kuti chinthu chikakhala "chachilengedwe" sichingapweteke. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Chaka chomwecho cha 1989, pamene ku Natick ankafalitsa za tyrosine, anthu ambiri ku America ankamwa amino asidi wotchedwa tryptophan kuti azigona bwino ndi kuchepetsa nkhawa. Chakumapeto kwa chakacho madokotala a ku New Mexico adaona amayi atatu odwala matenda achilendo, ophwanya minofu koopsa ndi kusokoneza magazi, ndipo onse ankamwa tryptophan. Posakhalitsa odwala adapezeka m'dziko lonselo. Anthu oposa 1,500 adalembedwa kuti adwala, oposa 30 adamwalira, ndipo ena adalumala moyo wawo wonse. Ofufuza adalondola gwero lake n'kupeza kuti pafupifupi onse adamwa tryptophan wopangidwa ndi kampani imodzi ya ku Japan, Showa Denko, imene idasintha kapangidwe kake ndipo munkatsalira zinthu zina zosafunika.

Tryptophan adayamba kugulitsidwanso patapita zaka, koma chimene chiyenera kutikhudza n'chakuti lamulo la ku America la mu 1994 limalola zinthu zowonjezera pa chakudya kugulitsidwa popanda kuyamba zatsimikiziridwa ndi boma kuti zimagwira ntchito, mosiyana ndi mankhwala a kuchipatala. Ndiye botolo lokongola lochokera kunja si umboni wakuti wina adaliyesa. Nanga likakhala logulidwa pa msika, lopanda tsiku lothera ntchito, lokhalitsa padzuwa?

Vuto lenileni lili m'mbale

Tryptophan yemweyu ali ndi mbiri ina kuno kwathu, ndipo ndi mbiri ya kusowa. Chimanga, chimene ndi chakudya chathu chachikulu, chili ndi mapuloteni pafupifupi magalamu 9 pa magalamu 100 aliwonse, koma mapuloteni akewo ndi operewera ma amino asidi awiri mwa 9 ofunikira aja, lysine ndi tryptophan. Thupi limagwiritsa ntchito tryptophan popanga vitamini wotchedwa niacin, ndipo niacin amene ali m'chimanga ndi womangika, thupi limalephera kumutenga. Anthu a ku Mexico, kumene chimanga chidachokera, amachiphika ndi laimu kapena phulusa, zimene zimamasula vitaminiyu, koma chimanga chidafika kuno popanda mwambo umenewo. Munthu wodalira nsima yokhayokha popanda ndiwo zomanga thupi amadwala matenda a pelagra. Khungu la m'khosi, m'manja ndi m'mapazi limada n'kusweka ngati lapsa, m'mimba mumatseguka, ndipo mutu umasokonezeka: kuiwala, kukhumudwa, mpaka kubwebweta.

Akuluakulu a m'chigawo cha kumwera akukumbukira. M'chaka cha 1990, pakati pa abale athu othawa nkhondo ya ku Mozambique amene ankakhala m'misasa ndi m'midzi ya kumwera kwa dziko lino, anthu oposa 18,000 adadwala pelagra, ambiri mwa iwo amayi. Chidachitika n'chakuti mtedza umene unkagawidwa pamodzi ndi ufa udasiya kubwera kwa miyezi ingapo. Ofufuza adapeza kuti mabanja amene adali ndi kadimba, kapena amene ankadya mtedza kapena nsomba kawirikawiri, sadadwale kwambiri. Mliriwo udazilala atagawa mapiritsi a niacin, kubwezeretsa mtedza ndi kuthira vitamini mu ufa. Kamtedza kodzaza dzanja ndi kamene kadali malire pakati pa mutu wabwino ndi mutu wosokonezeka.

Ana athu ambiri sadafike pa pelagra, koma ambiri amapita ku sukulu m'mimba muli phala la ufa woyera lopanda nsinjiro, kapena mulibe kanthu. Kumene amadalira kondowole vuto ndi lalikulupo, pakuti ufa wa chinangwa uli ndi mapuloteni osapitirira magalamu 2 pa 100. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse, WHO, lidanena mu 2007 kuti munthu wamkulu amafunika magalamu 0.83 a mapuloteni pa kilogalamu iliyonse ya kulemera kwake tsiku lililonse, kutanthauza magalamu 50 kwa wolemera makilogalamu 60. Dzira limodzi limapereka pafupifupi magalamu 6. Magalamu 100 a mtedza amapereka pafupifupi 25, a nyemba zouma oposa 20, a soya oposa 35, ndipo usipa kapena matemba ouma, oposa theka la kulemera kwake ndi mapuloteni. Nyemba, khobwe ndi nandolo zili ndi lysine wambiri amene chimanga chilibe, ndiye nsima ya nyemba imene ana a m'sukulu zogonera komweko amainyoza ndi chakudya chokwanirana bwino zedi.

Tisaiwalenso kuti tyrosine sagwira ntchito yekha. Kuti asanduke dopamine pamafunika ayironi, ndipo mwana wochepa magazi amakhala wofooka ndi wosamvetsera m'kalasi ngakhale atamwa makapisozi angati. Atsikana amene atha msinkhu ndiwo amavutika nazo kwambiri. Usipa wodyera kumodzi ndi mutu womwe, chiwindi, nyemba ndi bonongwe zimathandiza, ndipo ndi bwino kuti tiyi asamwedwe pamodzi ndi chakudyacho chifukwa amatchinga ayironi kulowa m'thupi. Mwana akamaoneka wotumbululuka m'maso ndi m'zikhatho, kukayezetsa magazi, malungo ndi njoka za m'mimba ku chipatala kuyambe ndiko.

Pa mwezi wa Ramadhan, makamaka ukakumana ndi nyengo ya mayeso, zimenezi zimafunika kuziganizira pa daku. Tiyi wa shuga wambiri ndi mandasi zimatha msanga m'thupi, ndipo pofika m'ma teni munthu amayamba kuona chizungulire. Daku yokhala ndi mazira, nyemba, nsomba kapena futali wa nsinjiro zokwanira, pamodzi ndi madzi ambiri, imasunga munthu nthawi yaitali. Wodzuka pa daku ayesetsenso kubweza tulo take, kaya pogona msanga kapena kutsinzinako masana.

Ngati mwaganizabe zogula

Alipo anthu amene tyrosine ndi mankhwala enieni kwa iwo, monga obadwa ndi matenda otchedwa PKU, amene thupi lawo silitha kusandutsa phenylalanine kukhala tyrosine. Amenewo amalandira m'manja mwa dokotala. Koma alipo ena amene sayenera kumumwa popanda kufunsa ku chipatala. Chithokomiro chimagwiritsa ntchito tyrosine pamodzi ndi ayodini popanga timadzi take, choncho amene chithokomiro chawo chimagwira ntchito mopyola muyeso apewe. Omwa levodopa chifukwa cha matenda onjenjemera a Parkinson adziwe kuti tyrosine amalimbirana njira ndi mankhwalawo polowa m'magazi ndi mu ubongo. Omwa mankhwala ena a matenda a maganizo, makamaka a gulu lotchedwa MAOI, akhoza kukwera nawo magazi. Amayi oyembekezera, oyamwitsa ndi ana aang'ono, makapisoziwa sadayesedwe mokwanira pa iwo. Safunsa adadya phula, ndiye tengani botololo mukamuonetse wazachipatala kapena katswiri wa mankhwala wovomerezeka, mumuuzenso mankhwala ena onse amene mukumwa.

Kwa ife Asilamu palinso funso la chikopa cha kapisoziyo. Makapisozi ambiri amapangidwa ndi jelatini, amene amachokera ku zikopa ndi mafupa a nyama, ndipo gawo lalikulu la jelatini wa pa dziko lapansi ndi wa nkhumba. Ma ulama amasiyana maganizo pa jelatini amene wasinthidwa m'fakitale, ndiponso pa munthu amene akufunikadi mankhwala kuti achire pali chilolezo. Koma mwana wathanzi amene akungofuna kukhoza mayeso sali pa chikakamizo chotero. Ma amino asidi enanso, monga cysteine, amachotsedwa ku nthenga za abakha ngakhalenso ku tsitsi, pamene ena amapangidwa kuchokera ku zomera. Chotero tembenuzani botolo muwerenge kumbuyo kwake. Pakalembedwa kuti gelatin popanda chizindikiro cha halaal, simungadziwe nyama yake. Makapisozi opangidwa ndi zomera amalembedwa kuti HPMC kapena hypromellose, ndipo pafupi pomwepo mupezanso mamiligalamu a kapisozi iliyonse ndi tsiku lothera ntchito.